Ba Dolly ndi Madzi a Muwawani

Musandionetse mankhwala a m'botolo ine, ndingakuchititseni manyazi pagulu. Sabata yathayi pa msika wa Rufunsa bambo wina wa tayi anandiimika, ati, "Amayi, kunyumba kulibe wodwala shuga?" Ndinamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, mpaka anabweza yekha botolo lake m'chikwama. Wodwala shuga ndili naye, inde. Ndi akulu anga ba Dolly, amene masiku ano ndimawasambitsa ndi kuwaveka ndine. Koma sanabadwe otero ayi, ndiye mverani kuti anali munthu wotani.

Ine ndine Rachael, mzime m'nyumba mwathu, ndipo ba Dolly ndiwo achisamba. Tinachoka ku Katete ine ndili kumsana, atate atamva kuti cha ku Mpanshya kuno malo olima akadalipo. Amayi sanakhalitse, anatisiya ndili ndi zaka zinayi. Ba Dolly anali giredi seveni, mutu wawo wogwira masamu kuposa anyamata onse a m'kalasi, koma atate anangoti, "Dolly, mwana uyu." Basi, sukulu inathera pomwepo. Palibe anawafunsa, ndipo iwonso sanafunse. Anandinyamula kumsana nkumapita nane kumunda, ndipo phala loyamba limene ndimakumbukira m'moyo wanga linachokera m'manja mwawo.

Vuto la ba Dolly kuyambira kale linali limodzi: mawu akuti ayi anawaiwala m'mimba mwa amayi. Munthu abwere kudzabwereka khasu pakati pa kupalira, ampatsa, iwo nkumazula udzu ndi manja. Ku kwaya ya kutchalitchi ankaimba mawu apansi, koma akasowa wosesa ndi iwo, akasowa wophikira pamaliro ndi iwo. Anakwatiwa ndi ba Evaristo, bambo wokonza njinga amene amalankhula mawu khumi pa tsiku, nabereka ana asanu. Chimanga ankalima, koma chimene chinawatchukitsa ndi munkoyo, chakumwa chathu chija cha ufa ndi mizu. Ankaima nawo m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo madalaivala a minibasi ankayamba kuliza hutala akadali patali kuti awakonzeretu makapu.

Chaka cha 2016 anayamba kuonda. Madzi ankamwa osakhuta, kuseri ankapita kosalekeza. Anthu a m'mudzi mwathu, amene pakamwa pawo sipadziwa tchuthi, anali atayamba kale kunong'ona kuti ba Evaristo atola matenda kumsewu. Munthu wosalakwa! Ndinawakokera ndine ku chipatala cha Mpanshya, kumene anawabaya chala nkupeza kuti ndi shuga. Anawapatsa mapilisi nkuwauza kuti azibwera mwezi uliwonse kudzapimitsa. Zina zimene anawauza m'kachipindamo sindinazimve, chifukwa ndinatsala panja pa benchi. Ine ndinapita kunyumba ndi nzeru imodzi chabe m'mutu: chilichonse chozuna ndi mdani wa akulu anga.

Ndiye ndinayamba ulonda. Shuga wa m'nyumba mwawo ndinamutsekera kwanga. Munkoyo wawo womwe ndinawaletsa kulawa, ndinkalawa ndine. Paukwati akapatsidwa chakumwa cha m'botolo ndinkachita kuwoloka bwalo lonse kukawalanda, anthu akuona. Iwo ankangoseka, ati, "Apolisi anga afika." Zaka zisanu ndi ziwiri anakhala bwinobwino, thupi linabwerera, kumunda ankatisiya m'mbuyo tonse. Ine ndinkayenda chifuwa patsogolo, kumati akulu anga ali moyo chifukwa cha ukali wanga.

Chaka cha 2023 kunabwera ophunzira atatu ochokera m'tauni, sukulu yawo sindiidziwa. Anakhala pansi ndi achikulire pa khonde la tchalitchi nkumafunsa mitengo imene anthu kuno amamwa akadwala shuga. Anthu anatchula iyi ndi iyo, koma ambiri anatchula muwawani, mtengo wa makungwa owawa koopsa. Alendowo anatenga masamba ndi timakungwa, nkuzikulunga m'manyuzipepala. Mtsikana amene ankawatsogolera ananena m'Chinyanja chomveka, katatu konse, ine ndili pomwepo: "Sitinanene kuti mtengowu ukuchiritsa. Tikukayesa kaye pa makoswe, ndipo zimatenga zaka. Amene akumwa mapilisi apitirize, ndipo chilichonse chimene mukumwa muziuza a kuchipatala." Awo sindiwaimba mlandu. Koma galimoto yawo isanafike ndi pa msewu wa tala pomwe, nkhani m'mudzi inali itasanduka kale yakuti madokotala atsimikiza.

Apa ndi pamene panatulukira Maybin. Maybin ameneyu anali kondakitala wa minibasi, anamuchotsa ntchito, ndipo za mitengo ankadziwa monga momwe ine ndimadziwira za ndege. Atate athu, akamva m'mimba, ankadula kakhungwa ka muwawani kotalika ngati chala chachikulu, nkukaviika m'madzi, nkumwa pang'ono. Maybin ayi. Anadula mgolo pakati, nkudzazamo makungwa, nkuwiritsa kuyambira m'mawa mpaka madzi atada bii. Mitengo yonse ya m'mbali mwa phiri anaisenda mozungulira, inauma chiimire. Madziwo ankathira m'mabotolo otola kumsewu, ndipo pa botolo lililonse ankamata kapepala kolembedwa kuti ayesedwa ndi akatswiri. Akatswiri ake ati? Lero botolo lakuda kwambiri, mawa lotuwa, muyeso wake ndi maso a Maybin.

Anabwera yekha pakhomo pa ba Dolly, nagwada bwinobwino, ati, "Amayi, mwavutika mokwanira. Mapilisi amangogoneka matenda, uwu umazula ndi mizu yomwe." Anawathirira m'kapu. Munthu amene sakana kubwereketsa khasu akanakana bwanji kapu yoperekedwa ndi manja awiri? Anamwa. Ndipo pochoka, Maybin anawakumbutsa mwambo umene tonse tinakula nawo: mankhwala a mtengo sathokoza, ndipo saulula, ukawaulula amasuluka. Pamenepo ndiye anawamanga miyendo. Si Maybin anaupeka mwambowo, atate omwe ankatiuza chimodzimodzi, koma iye anadziwa pouika.

Choncho mwezi uliwonse ba nesi ankawafunsa kuti, "Amayi, pali china chimene mukumwa kupatula mapilisiwa?" Ndipo ba Dolly, mayi wa kwaya amene sananamizepo ngakhale nkhuku, ankayang'ana pansi nkuti, "Palibe." Mapilisi sanasiye, poopa kukhumudwitsa ba nesi. Botolo sanasiye, poopa kukhumudwitsa Maybin. Mapanga awiri avumbwitsa, akulu ananena, koma ine mlonda wamkulu ndinali kuti? Ndinalipo, ndinkadziwa, ndipo ndinkakondwa. Ndinalawa kamodzi madziwo, lilime linachita dzanzi mpaka masana, ndiye ndinati chowawa chotere shuga sangalimbe nacho. Ndinkawakumbutsa ndine akaiwala kumwa.

Tsopano ndikuuzeni za ba Anastasia, chifukwa popanda iwo nkhaniyi simuimva. Ndi mayi wamasiye amene munda wake wachita malire ndi wa ba Dolly. Amuna awo anadwala shuga zaka zambiri asanamwalire, ndipo anthu anawaonapo kangapo ba Anastasia akuwanyambititsa uchi pa supuni. Uchi, kwa munthu wa shuga! Maliro atachitika, mudzi wonse unagamula kuti anawapha dala amuna awo. Palibe anawafunsa kuti ankachitiranji zimenezo. Ine ndinali patsogolo pa oweruzawo, makamaka kuti tinali titakanganapo kale pa nkhani ya mbuzi zawo zimene zinadya ndiwo zanga za repu kudimba. Tikakumana pa mjigo ndinkawapatsa moni wa m'mphuno, ndipo ba Dolly ndinawauza kuti asalandire ngakhale madzi kuchokera m'nyumba imeneyo.

Kenako chinabwera chilala cha 2024. Mvula inadula mu Januwale, chimanga chinapsa chisanabereke, ndipo m'nyumba zambiri anthu anayamba kudya kamodzi pa tsiku. Ba Dolly ankagawira adzukulu mbale yawo nkumati akhuta. Inalinso nyengo ya Lenti. Lachisanu lina mu Malichi anadzuka m'mawa, anamwa pilisi lawo, anamwa kapu yodzaza ya madzi a Maybin, koma chakudya sanakhudze, ati asale kudya mpaka masana popempherera mvula. Tinapita kumunda awiri kukaona ngati mtedza ungapulumuke.

Cha m'ma teni koloko ndinaona khasu lawo likumenya pambali pa mzere. Ndinati, "Asisi, mwatani?" Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Thukuta linkayenderera pankhope, manja akunjenjemera, ndipo zimene ankalankhula zinali ngati za munthu woledzera. Anakhala pansi mwadzidzidzi. Ndinakhudza pamphumi, panali pozizira. Mayo ine! Ndinakuwa kuti shuga wakwera, shuga wakwera, anthu thandizeni! Ndinawatsamiritsa pachifuwa panga nkumawakupiza ndi chitenge, mutu ukundiuza kuti ndithamangire botolo la Maybin kunyumba.

Amene anamva anali ba Anastasia. Anafika, anayang'ana kamodzi, anagwira dzanja la ba Dolly, nkufunsa kuti, "Adya m'mawa uno?" Ine ndinangopitiriza kukupiza. Anatembenuka nkuthamangira kunyumba kwawo, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, akudumpha mizere. Posakhalitsa anabwerera ndi kapu ya pulasitiki, akutakasa ndi chala. Fungo ndinalimva asanafike. Unali uchi wosungunulira m'madzi.

"Amake Mapalo, akwezeni mutu," anatero kwa ine, chifukwa mwana wanga woyamba ndi Mapalo. "Akumezabe. Shuga sanakwere, watsika. Amuna anga ankachita chonchi."

"Amuna anu ali kuti lero?" ndinawafunsa.

Anaima. Koma sanakwiye, anagwada nkuyandikitsa kapu ku milomo ya ba Dolly, ndipo ndikulumbira, ba Dolly anatsegula pakamwa.

Ndinaimenya kapu ija ndi kuseri kwa dzanja. Inakagwera pakati pa mtedza, dothi louma linamwa zonse nthawi yomweyo. "Mfiti iwe!" ndinatero, kwa munthu wamkulu woti nkundibala. "Unamaliza mwamuna wako, manje ufuna kumaliza akulu anga? Choka!"

"Mwana wanga, uchi watsala kunyumba, ndikatenge wina. Ndikukupempha."

"Ukabwera nawo ndikutema ndi khasu ili."

Ndinanena zimenezo, ndipo khasu ndinaligwiradi. Ba Anastasia anandiyang'ana, anayang'ana ba Dolly, kenako ananyamuka nkuthamangira kumsewu kukaitana ba Evaristo. Ine ndinatsala ndikupemphera Tikuoneni Maria, ndikudziona ngati ndapulumutsa munthu. Ndili m'kati mopemphera, maso a ba Dolly anatembenuka, thupi linauma nkugwedezeka, kenako anangoti zii. Ndinawaitana dzina, ndinawatsina, osayankha.

Ng'ombe zinali kudambo kutali chifukwa cha chilala, ndiye kuti ba Evaristo azipeze, amange ngolo, tiwanyamule kuchoka kumunda, dzuwa linali litapendeka. Ba Anastasia anakwera nawo ngoloyo popanda wowaitana, anakhala kumiyendo, ine kumutu, ndipo njira yonse sitinayang'anane. Ba Evaristo ankangomenya ng'ombe, misozi ikutsika.

Ku Mpanshya anatilandira mothamanga. Anawabaya chala, ba nesi anayang'ana kamakina, ndipo ndinamva akuuza mnzawo kuti shuga watsikiratu. Watsika! Mawu omwe aja a kumunda. Ndinaona ndi maso angawa akukoka madzi mu jekiseni yaikulu, ndipo nditafunsa kuti ndi mankhwala anji, anati ndi madzi a shuga. Anawalowetsa mumtsempha wa akulu anga chinthu chimene ine ndinakhala ndikuwalanda zaka zisanu ndi zitatu. Ndinakhala pansi pa simenti.

Ba Dolly anatsegula maso tsiku lachitatu. Tinakondwa, koma chikondwererocho sichinafike madzulo. Anayang'ana ba Evaristo ngati mlendo. Dzanja linkalephera kugwira supuni, ndipo mawu ankatuluka amodziamodzi osalumikizana. Adokotala anatiuza mosabisa kuti ubongo unakhala nthawi yaitali wopanda chakudya chake, ndipo zina zidzabwerera, zina mwina ayi.

Botolo la Maybin ndinali nditalibweretsa, mwambo kapena ayi, asuluke ngati akufuna. Ba nesi analinyamula nkuliyang'ana kowala. Ndinkafuna anene kuti ndi poizoni, kuti ndipeze pothira mkwiyo wanga wonse. Sanatero. Anati, "Sindikudziwa kuti muli chiyani umu, ndipo amene anaphika nayenso sakudziwa. Mwina mtengowu uli ndi mphamvu, mwina ulibe, ndiye chifukwa chake anthu akuufufuza. Koma pilisi lija palokha, munthu akamwa osadya nkukalima padzuwa, likhoza kumugwetsa. Ngati izi zimatsitsanso shuga, ndiye zinakankhira munthu amene anali kale m'mphepete. Akanatiuza, tikanawachenjeza." Anawonjeza kuti odwala onse amawauza kuti aziyenda ndi maswiti awiri pa mfundo ya chitenge, ndipo ba Dolly nawonso anauzidwa kangapo. Akanayenda nawo bwanji maswiti, ine ndikuwasecha ngati wakuba?

Tinali atatu m'kachipindako: ine, ba Evaristo, ndi ba Anastasia amene anali atabwera ndi phala m'kabakete. Ba nesi anakoka mpando nkukhala, si kuti ankatizenga mlandu, ankafuna kutiphunzitsa za m'tsogolo.

"Amene anali nawo kumunda ndani?"

"Ine," ndinatero.

"Atayamba kutuluka thukuta ndi kunjenjemera, ankatha kumeza?"

"Ankatha."

"Nthawi yake inali imeneyo. Masupuni atatu a shuga m'madzi, kapena uchi, bwenzi atadzuka nkuyenda okha kubwera kuno. Panalibe aliyense pafupi woti nkuwapatsa kanthu kozuna?"

Ba Evaristo anatembenuka nkundiyang'ana, osati mokwiya, anangofuna kumva. Bambo ameneyu sankadziwa kanthu. Ankadziwa kuti mlamu wake anagwirizira mkazi wake pachifuwa mpaka ngolo inafika, ndipo anali atandithokoza kawiri. Ndinadziwa kuti ba Anastasia akangotsegula pakamwa, ana asanu a ba Dolly sadzandiyang'ananso kumaso, ndipo akanakhala kuti akulondola.

Ba Anastasia anaika kabakete pansi. "Kumunda kunalibe kanthu, ba nesi," anatero. "Chaka chino cha njala, shuga munthu angamupeze kuti? Mwana uyu anachita zimene akanatha."

Ba nesi anagwedeza mutu momvetsa. Ba Evaristo anapuma mozama nkubwezera maso pansi. Nkhani inapitirira ku za kadyedwe.

Papita chaka ndi miyezi tsopano. Maybin anasamukira kwina ndi theka la mgolo wake, ndamva kuti akuphikira anthu ena a kutsogoloko, ndipo mudzi wonse umatemberera dzina lake, ine mokweza kuposa onse. Ba Dolly amayenda pang'onopang'ono atagwira khoma. Nyimbo za kwaya akazimva amagwedeza mutu, koma mawu ake anawathawa. Ndimawasambitsa, ndimawadyetsa pa nthawi yake, ndipo anthu akamadutsa amati, "Koma Rachael yekha ndiye m'bale, ena onse ndi mayina chabe." Akatero ndimafuna kuwagenda ndi beseni.

Mukuganiza kuti ndinapita kwa ba Anastasia kukagwada? Ndinanyamuka kawiri, kawiri konse ndinabwerera pa malire a munda. Ndimawakwiyira mayi ameneyo kuposa Maybin, ndipo ndikudziwa kuti ndi uchitsiru. Akananditukwana pamaso pa ba nesi, akanauza alamu anga, bwenzi nditalira, nditanyozedwa, zitatha. Koma iwo ayi. Mbiri yakuti anapha amuna awo ikadali pamutu pawo, pomwe chowayeretsera ali nacho m'kamwa, ndi kungonena zimene zinachitika m'munda muja. Sananene kwa munthu.

Dzulo pa mjigo mayi wina anakoka mwana wake kuti asamwere m'kapu ya ba Anastasia, nkunena mokweza kuti manja ena ndi oopsa. Azimayi anaseka. Ba Anastasia anamva, anandiyang'ana ine kamodzi chabe, nkusenza ndowa yawo. Ndinali ndi pakamwa panga pomwepa, pamene mudzi wonse umapaopa, ndipo ndinapitiriza kupopa madzi.